Mtsikana Amene Anatsekera Mawu a Bambo Ake M'manambala

Inu amene mwadzuka lero mukumva ngati mwawononga chinthu chosabwezeka, khalani kaye pansi mumve za mtsikana wina amene kwawo ankamutchula kuti Mzime, chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa.

Tsiku loipitsitsa pa moyo wake linayamba ndi kusesa. Anasesa pabalaza, anakokera tebulo pakati, n'kuikapo laputopu yatsopano imene mchimwene wake anamubweretsera kuchokera kunja kumene ankagwira ntchito. Amayi anakhala pampando wa malemu amuna awo. Mchimweneyo anaima chotsamira chitseko, manja ali m'thumba. Azakhali, amene palibe anawaitana, anafika msanga kuposa aliyense.

Anasonkhana kuti aonere vidiyo imodzi. Bambo awo anali telala. Matenda atawapanikiza m'chipatala, anabwereka foni ya Mzime, anamutulutsa m'chipindamo, n'kudzijambula okha. Pomubwezera foniyo anati, "Iyi musamaonere mmodzimmodzi ngati mbava. Mchimwene wako akadzabwera, mudzakhale nonse pamodzi." Anamwalira mwana wawo wamwamunayo asanapatsidwe tchuthi.

Tsopano anali atabwera. Mzime analowetsa m'laputopumo fulashi yosungiramo vidiyoyo, analemba nambala yaitali imene ankaisunga m'mutu, n'kudina.

Nkhope ya bambo inadzaza sikirini. Anali atayandikitsa foni kwambiri moti mphuno inaoneka yaikulu kuposa mmene inalili. Anatsokomola pang'ono.

"Eya. Ana anga, ine..."

Basi. Nkhopeyo inaphwanyika n'kusanduka timadontho tambirimbiri tothamangathamanga ngati mchenga wouluzika, ndipo mawu anasanduka phokoso la wailesi yosowa siteshoni.

"Bwezera," anatero mchimwene wake.

Anabwezera. "Eya. Ana anga, ine..." Mchenga.

"Ndiye uthenga wonsewo ndi umenewu?" anafunsa azakhali. "Ine ndasiya ntchito zanga kunyumbatu."

"Iwe Mzime, siya masewera. Ika ya m'foni ija, yeniyeniyo."

Mzime anayang'ana zala zake. "Ndinaifufuta, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Ndinaitseka ndi pulogalamu yanga. Kenako ya m'foniyo ndinaifufuta."

Mchimwene wake anaseka kuseka koipa. "Bambo atisiyire mawu, iwe n'kuwayesa homuweki?"

Amayi anaimirira pang'onopang'ono. "Zimitsani chinthucho, chikundipweteketsa mutu," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Kuti mumvetse chimene mtsikanayu anachita, muyenera kudziwa zimene ankaphunzira. Anali m'chaka chomaliza kukoleji, ku maphunziro a makompyuta, ndipo ntchito yake yotsirizira inali yotseka mavidiyo kuti munthu wosayenera asaonere. Njira yake inali ya masamu otchedwa a chipwirikiti. Umatenga nambala n'kuilowetsa m'kasamu kakafupi. Yankho lotulukalo umalibwezeranso m'kasamu komweko, lotsatira nalonso chimodzimodzi, osalekeza. Manambala otulukawo amadumphadumpha ngati alibe mwini, koma ukayambira pa nambala yomweyo, amatuluka omwewo. Ukangosintha nambala yoyambirayo pang'onong'ono, ngakhale kumchira kwenikweni, poyamba mayankho amayenda limodzi ngati mapasa, kenako amasiyana njira osadzakumananso.

Mzime ankagwiritsa ntchito manambala amenewa pomwaza timadontho ta zithunzi za m'vidiyo, ndi mawu omwe. Nambala yoyambira ndiyo kiyi. Wokhala ndi kiyi amatolera timadonthoto n'kutibwezera m'malo mwake. Wopanda kiyi amaona mchenga.

Pa laputopu yake yakale, yothothoka mabatani, zonse zinkayenda bwino. Ndiye ataona kuti azakhali ayamba kubwereka foni yake pafupipafupi, ati kuti aone nthawi, anatseka vidiyo ya bambo. Ndipo poti anaphunzitsidwa kuti vidiyo yotseka ilibe phindu ngati yotsegula ikadali poyera, anafufuta ya m'foniyo. Anayesa kiyi, anaona bambo akutsokomola, n'kuzimitsa msanga posunga lonjezo. Kutatsala masiku ochepa kuti mchimwene wake afike, magetsi anabwera mwamphamvu n'kupsereza laputopu yakaleyo. Sanadandaule kwambiri. Vidiyo ndi pulogalamu zinali pa fulashi, kiyi anali m'mutu.

Mmene vidiyoyo inaphwanyikira, kuyamba bwino kenako n'kusochera, zinamuuza chinthu chimodzi: walakwitsa mchira wa kiyi. Nambala imodzi yakumapeto yamuthawa m'mutu. Anakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Tsiku lokaonetsa ntchito yake pamaso pa aphunzitsi litakwana, anavala bwino, anakwera masitepe, n'kuima m'khonde pamodzi ndi anzake. Atamva akumuitana, miyendo inatembenuka yokha. Anatsika masitepe aja, anatuluka pageti, ndipo sanabwererenso. Anzake anavala mikanjo n'kujambulitsa. Iye anaona zithunzizo pa foni.

Ntchito anaipeza pa kashopu kokonza mafoni, kunsi kwa masitepe a nyumba ina yosanja, mumsewu wosatha phokoso. Munali malo a anthu awiri basi, ngati mmodzi atakhala chammbali. Mwini wake anthu ankamutchula kuti a Mabatire, chifukwa foni iliyonse imene yabwera, kaya yagwera m'madzi, kaya yapondedwa ndi galimoto, iwo ankaitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Ndi batire."

"Ndamva kuti unafika kukoleji," anatero tsiku loyamba.

"Ndinafika, bwana."

"Unatulukira pakhomo kapena pawindo?"

"Pamasitepe."

"Chabwino. Kuno digiri yathu ndi kusataya timasikuluwu. Kakagwa kamodzi, ugwada mpaka ukapeze."

Mzime anaphunzira kusintha magalasi osweka, kupukuta fumbi m'mabowo a chaja ndi kaburashi, ndi kumvetsera makasitomala akulumbira kuti foni inangozima yokha ili patebulo, pamene ikununkha sopo wochapira. Manja ake anazolowera msanga. Mutu ndiwo sunakhale pansi. Kasitomala akangochoka, ankatsegula laputopu pansi pa kauntala, kusintha nambala imodzi kumchira kwa kiyi, n'kudina.

"Eya. Ana anga, ine..." Mchenga.

Kusinthanso ina. Mchenga. M'basi ankanong'ona manambala moti anthu ankamusunthira. Pakudya ankaima ndi supuni m'mwamba, kuthamangira ku laputopu, kubwerako nkhope itagwa. Sankatha kukhala pampando mpaka kumaliza kapu ya tiyi. A Mabatire anafika poloweza mawuwo, moti akafuna kumuitana ankangotsokomola n'kunena kuti, "Eya." Atamva nkhani yake yonse anasiya nthabwala imeneyo, ndipo sanaibwerezenso.

Kunyumba mchimwene wake sanabwererenso kunja. Anayamba kuyendetsa takisi, ndipo mlongo wake ankamulankhula mawu owerengeka.

"Profesa wa mchenga, suntha ndidutse."

Azakhali anali ndi maganizo awoawo. Ankauza aliyense kuti m'vidiyomo muli nkhani ya nyumba ina yobisika, mwinanso ya mwana wina wa kumbali, ndipo mtsikanayu anaonera yekha n'kuwononga dala.

Amayi okha ndiwo sanamudzudzule, ndipo zimenezo ndizo zinkapweteka koposa. Akamuona akulowa madzulo, ankangofunsa kuti, "Bambo ako ali bwanji m'menemo?"

"Ali bwino, amayi. Angokhala chete."

"Ndi khalidwe lawo limenelo. Amayamba nkhani n'kuima pakati, kufunafuna sizasi."

Koma maso a amayiwo anali akupita. Matenda a shuga anali atawagwira kalekale, ndipo tsopano anafika m'maso. Mzime anayamba kuona tinthu tating'ono. Amayi ankathira madzi m'kapu chala chili m'kati kuti amve pamene afika. Ankayandikitsa foni mpaka kugunda mphuno. Tsiku lina anapereka moni kwa jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko, kenako n'kudziseka okha. Dokotala ananena mosazungulira kuti mankhwala angochedwetsa mdimawo, sangaubweze.

Kuyambira pamenepo Mzime sanalinso kulimbana ndi manyazi okha. Ankathamangitsana ndi maso a amayi ake.

Masana ena laputopu yake inatha moto, magetsi a mbali yawo ya nyumbayo atazima. Kushopu yoyandikana nayo, ya fotokope, anali akuyaka, ndipo mayi wa pamenepo ankawalola kulumikiza waya mmodzi. Chaja anali ataiwala kunyumba. Pakona pa shopu yawo panali kompyuta yakale yaikulu, imene mwini wake anaisiya kuti ikonzedwe n'kusabweranso, ndipo a Mabatire ankaikapo mapazi. Mzime anaipukuta, anailumikiza, inayamba kulira ngati chigayo. Anaikamo pulogalamu yake. Poti mutu unali utatopa, sanasinthe kalikonse. Analemba kiyi yemwe uja wa tsiku loyamba.

"Eya. Ana anga, ine ndikudziwa kuti nonse..."

Mchenga.

Mzime anaimirira mofulumira moti anagunditsa mutu kunsi kwa masitepe. Thireyi ya timasikuluwu inagwa, tonse balala.

"Bwana! Mwamva?"

"Ndamva timasikuluwu tanga."

"Alankhula! Apitirira pamene amaimira paja!"

A Mabatire anatsitsa magalasi awo. "Wapeza nambala ija?"

"Ayi. Ndi yomwe ija. Sindinasinthe kanthu."

"Ndiye ndi batire."

Mzime sanaseke. Anagwada n'kuyamba kutola timasikuluwu, mutu ukuthamanga. Vidiyo ndi yomweyo. Pulogalamu ndi yomweyo. Kiyi ndi yemweyo. Chasintha ndi makina okha. Kiyi akanakhala wolakwika, bambo akanaimira pamalo amodzimodzi kulikonse. Anaika pulogalamuyo pa kompyuta ya mayi wa fotokope, bambo anaimira pa "ine". Anabwerera pa chigayo chija, anafikanso pa "nonse".

Miyezi yonse ija ankasakasaka cholakwa m'mutu mwake, pamene mutu wake unasunga nambalayo bwinobwino.

Anayamba kuganiza za mchira wa manambala. Ukachulukitsa manambala okhala ndi mchira wautali, uja wobwera kuseri kwa kadontho, yankho limakhala ndi mchira wautali koposa, ndipo kompyuta iliyonse imayenera kudula penapake. Pa ntchito zambiri palibe amasamala za kachidutswa kodulidwako. Koma masamu a chipwirikiti amakhalira kachidutswa komweko. Ngati laputopu yakale ija inkadula mchira pamalo ena, ndipo yatsopano ikudula pena, ndiye kuti poyamba ziyenda limodzi, kenako zisiyana. Chimene iye ankanyadira pa njira yake, chakuti kusiyana kochepetsetsa kumabalalitsa zonse, ndicho chinamutsekera kunja.

Tsopano anali yakaliyakali. Fulashi anaimangirira pa chingwe m'khosi. Nthawi yopuma ankazungulira m'misewu ya ogulitsa zakale, m'timaofesi tolembera makalata, m'masukulu ophunzitsa kutaipa, kupempha kuti ayese kompyuta iliyonse yokalamba imene waiona. Ena ankamuthamangitsa poganiza kuti akufuna kuwaikira mavairasi. Ena ankamulola, n'kuima kumbuyo kwake kuonerera nkhope ya munthu wosamudziwa ikusanduka mchenga. Makina ena ankafika pa "nonse". Ambiri ankaimira pa "ine". Palibe anapitirira.

Anazindikira kuti kuyendayenda sikumuthandiza. Ankayenera kudziwa ndendende mmene laputopu yopsa ija inkawerengera, n'kuphunzitsa yatsopanoyo kuwerengera chimodzimodzi. Koma yopsayo inasowa m'nyumba kuyambira sabata ya tsoka ija, ndipo iye sankakumbuka mtundu wa kachipangizo kowerengera kamene kanali m'kati mwake.

Anafunsa amayi, sanadziwe. Anafufuza kunsi kwa mabedi ndi pamwamba pa kabati. Pomaliza anadikira mchimwene wake panja, akutsuka takisi.

"Achimwene, laputopu yanga yakale ija munaiona?"

"Ukufuna utsekeremonso ndani?"

"Kiyi sindinaiwale. Vuto ndi makina. Ndikaona m'kati mwake, mwina..."

"Mwina. Chaka chonse tikudya mwina." Anafinya nsanza, osamuyang'ana. "Ukudziwa kuti ine sindinawaone bambo akudwala? Iwe unali pomwepo. Ine changa chinali chimenecho basi."

Mzime anangotola ndowa n'kukamutungira madzi ena.

Mawa lake masana takisi inaima pakhomo pa shopu, kutsekereza msewu, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo. Mchimwene wake anatsika, anatsegula buti, anatulutsa laputopu yopsa ija kunsi kwa tayala lapadera, n'kuiika pa kauntala.

"Ndinkafuna ndikaiponye kumtsinje," anatero. "Ndimangosowa mpata."

Anabwerera m'galimoto asanathokozedwe.

A Mabatire anamasula okha laputopuyo, mosamala ngati akusenda dzira. M'kati munali mwakuda ndi utsi, koma zilembo za pa kachipangizo kaja zinkawerengeka.

Chotsatira chinali chovuta kuposa zonse. Mabuku ofotokoza mmene tizipangizo takale timeneti tinkawerengera anali kukoleji, ndipo munthu wodziwa za iwo anali mphunzitsi yemwe uja amene anamuitana m'khonde iye n'kuthawa. Mzime anafika pageti n'kubwerera. Tsiku lina anafika pamasitepe n'kubwerera. Tsiku limene amayi anamufunsa ngati kunja kuli mitambo, dzuwa likuswa mtengo, anakwera mpaka pamwamba n'kugogoda.

Aphunzitsiwo anali bambo wa imvi, wokonda kulankhula akuyang'ana kudenga.

"Chemwali, ndinakuitanani chaka chatha. Mwachedwa pang'ono."

"Pepani, aphunzitsi."

"Mwabwera kudzapepesa kapena muli ndi nkhani?"

Anafotokoza zonse, ataima, mawu akuthamanga. Atafika pa kompyuta yolira ngati chigayo, aphunzitsiwo anasiya kuyang'ana kudenga.

"Bwerezani pamenepo."

Anabwereza, n'kunena zimene ankaganiza za mchira wa manambala.

"Mwaganiza bwino," anatero. "Tizipangizo tina takale tinkasunga mchira wautaliko m'kati mwake pamene tikuwerengera, n'kudula pokhapokha tikamaika yankho pambali. Funso ndi lakuti pulogalamu yanu inkaika yankho pambali nthawi ziti. Zimenezo sindingakuuzeni. Muzipeza nokha." Anatsitsa buku lonenepa pashelefu, n'kuliuzira fumbi. "Chipinda cha makompyuta chimakhala chopanda anthu masana. Ndipo chemwali, mukanalowa tsiku lija n'kutionetsa mchenga wanuwo, tikanakangana nanu, mwina tikanazipeza limodzi. Kulephera kumene tinakulemberani sikunali kwa masamu."

Mzime anameza mawu amenewo. Anali owawa, koma anali oona.

Anagwirizana ndi a Mabatire kuti azigwira m'mawa, masana azipita kukoleji. Analemba pulogalamu yokakamiza kompyuta yatsopano kuwerengera ngati nkhalamba: kusunga mchira wautali apa, kudula apo. Kasamu kake kanali kakafupi, koma malo odulira anali angapo, ndipo kadulidwe kake kanalinso kosiyanasiyana. Muyeso wake unali pakamwa pa bambo ake. Akalakwitsa kwambiri, ankaimira pa "ine". Akayandikira, ankafika pa "nonse". Tsiku lina anafika pa "nonse mwakhala", ndipo Mzime anazungulira chipinda chonse manja ali kumutu. Mawa lake anasintha kena, bambo n'kubwereranso pa "ine". Analuma mkono wa juzi kuti asakuwe.

Panali masiku amene ankatuluka m'chipindamo atatsimikiza kuti sabweranso. Mantha ake aakulu anali akuti mwina pulogalamuyo inawononga vidiyoyo pa tsiku lotseka lomwelo, ndipo kuseri kwa mchengawo kulibe kanthu. Ankafika pa siteji ya basi, ganizo lina n'kumugwira, n'kubwerera chothamanga mlonda asanakhome.

Masana ena a mvula anazindikira kuti laputopu yakale ija inkadula mchira pamalo pamene iye sankawaganizira n'komwe: pamene pulogalamu inkasiya kaye kuwerengera kuti itenge chithunzi chotsatira. Anakonza mzere umenewo, n'kudina, osayembekezera zambiri.

"Eya. Ana anga, ine ndikudziwa kuti nonse mwakhala pamenepo mukundiyang'ana mphuno. Foni iyi sindikuidziwa magwiridwe ake, ndiye..."

Nkhope sinaphwanyike. Bambo anasuntha foni, denga la chipatala linaoneka, nkhope inabweranso. Mzime anamenya batani loimitsa ndi dzanja lonse.

Ankafunitsitsa kumva mawu otsatira kuposa mmene anafunirapo chinthu chilichonse. Koma anachotsa mawu, anatembenuzira sikirini kukhoma, n'kupempha aphunzitsi aja kuti ayang'ane ngati chithunzi chikuoneka mpaka kumapeto. Iwo anayang'ana, iye atafulatira, akuwerenga ming'alu ya pakhoma.

"Munthu wamkuluyu akulankhulabe," anatero aphunzitsi patapita nthawi. "Tsopano akuloza chala. Tsopano akufunafuna pozimitsira. Yatha. Yonse ilipo." Anakhosomola. "Musanachoke pano, isungeni yotsegula malo atatu."

Tsiku loonera Mzime sanasese n'komwe. Anangokoka tebulo, nakhazika amayi kutsogolo kwenikweni, nkhope pafupi ndi sikirini. Diso limodzi linali litapita kale. Linalo linkaona ngati munthu woyang'ana kudzera m'nsalu yopyapyala. Mchimwene wake anakhala pansi, pafupi ndi miyendo ya amayi. Azakhali anafika, monga mwa nthawi zonse.

Bambo anatsokomola, n'kuyamba.

Amayi anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. "Awonda," ananong'ona. "Koma apesa. Avala shati iti?"

"Ya mizere ija, amayi."

"Ndinawauza kuti kolala yake inatha."

Zambiri zimene bambowo ananena ndi za banja lawo, ndipo zikhale choncho. Za nyumba yobisika munalibe, za mwana wa kumbali munalibe, moti azakhali anaoneka okhumudwa pang'ono. Anatchula thalauza la kasitomala wina limene anali asanalipinde m'miyendo, n'kupempha kuti wina alimalize. Anauza mwana wawo wamwamuna kuti asadzizunze chifukwa chosabwera, poti iwo ndiwo ankaletsa anthu kumuuza kuti matenda akula. Mnyamatayo anabisa nkhope m'mawondo, mapewa akugwedezeka. Anauza Mzime kuti amalize sukulu, ndipo azidya atakhala pansi.

Kenako anayang'ana pambali, ngati akuchita manyazi ndi foni.

"Tsopano inu mayi a ana. Diresi lija munabwera kudzasoketsa tsiku loyamba, lija linakuthinani m'mapewa mpaka munabweranso katatu kudzakonzetsa. Sindinalakwitse muyeso. Ine sindinalakwitsepo muyeso. Ndinkafuna mubwerenso."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi inatsika m'maso onse awiri, lakufa ndi lamoyo lomwe.

"Ndinkadziwa," anauza sikirini. "Mukuganiza kuti kunalibe matelala ena mumsewu umene uja?"

Vidiyo inatha. Kenako mchimwene wake anapukuta nkhope ndi shati, n'kugunda phazi la mlongo wake ndi chigongono.

"Profesa. Bwezera."

Amayi anaonera vidiyo imeneyo tsiku ndi tsiku kwa miyezi imene diso lija linawatsalira. Mdima utakwanira, anali ataloweza nkhope yonse, moti ankadziwa pamene amuna awo akuloza chala pongomva mawu.

Mzime anabwereza chaka chake chomaliza. Pulogalamu ija anailembanso kuyambira pachiyambi, kuti iziwerengera ndi manambala athunthu opanda mchira woti makina azidula mosiyana, ndipo anailimbitsa ndi njira zina zotsekera zimene akatswiri anaziyesa kale, chifukwa anali ataphunzira kusakhulupirira nzeru zake zokha. Patsiku loonetsa analowa asanaitanidwe. Anatseka vidiyo pa foni, n'kuitsegula pa kompyuta ya chigayo ija, imene a Mabatire anabwera nayo pa takisi atavala tayi. Lero amagwira ntchito ndi kagulu kopanga mapulogalamu othandiza zipatala zakutali kutumiza mavidiyo a odwala kwa madokotala a m'mizinda, popanda wina wa panjira kuona thupi la munthu. Wophunzira ntchito aliyense wobwera m'manja mwake amamva lamulo limodzi tsiku loyamba: usafufute choyambirira usanatsegule chotsekacho pa makina a munthu wina.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munawononga chinthu ndi manja anu, muli ndi cholinga chabwino. Mwina mwakhala mukudzifufuza cholakwa pamalo amodzimodzi mpaka mutu kuwawa, ndipo pali khomo lina limene mukuchita nalo manyazi kugogoda. Yesani pena. Funsani amene munawathawa. Chimene chikuoneka ngati mchenga lero mwina chikadali chathunthu, chikungodikira kuti muchipeze. Kwerani masitepewo. Mtima wokhawo musautaye.